Kabaini Yonga ya Asilikali ndi Lamulo la Mfuti: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Malambo

Ku Malambo mfuti si mlendo. M'madera a mafumu a Chikunda, a Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya ndi a Msoro, gogodela analowa kalekale pamodzi ndi amalonda a minyanga ya njovu, ndipo fundi wodziwa kuthira onga ndi kutsata mapazi a njati ankapatsidwa ulemu pamudzi. Koma pali mtundu wina wa mfuti umene anthu amauona paphewa pa msilikali, m'mafilimu ndi pa foni: mfuti yaifupi, yopepuka, yokhala ndi magazini yokhota pansi pake. Mlimi amene njovu zamuthera munda, kapena wamalonda wa ku Mfuwe amene amaopa achifwamba, akhoza kufunsa ngati lamulo lingamulole kugula yotero. Kabuku aka kakuyankha funso limeneli. Mfundo imene ndikuiteteza ndi yakuti mfuti iyenera kuweruzidwa ndi kawombedwe kake ndi ntchito imene mwini wake akuifunira, ndipo tikayesa ndi muyeso umenewu, palibe ntchito yololedwa m'chigwa cha Luangwa imene ikusowa kabaini yonga ya asilikali.

Kodi kabaini ndi mfuti yotani?

Kabaini ndi mfuti ya paphewa yokhala ndi paipi yaifupi. Inayambira kwa asilikali a pa akavalo ku Ulaya, amene mfuti yaitali inkawavuta kunyamula ali pamsana pa kavalo. Dzinali limangonena za kutalika kwa mfuti, silinena kuti mfutiyo ndi yoopsa motani. Chimene chimasiyanitsa mfuti kwenikweni ndi zimene zimachitika chipolopolo choyamba chikatuluka, ndipo apa pali magulu atatu. Gulu loyamba ndi la mfuti zimene mwini wake amakoka chitsulo ndi dzanja kuti atulutse chikhokhombe ndi kulowetsa chipolopolo china. Mfuti zambiri za alenje ndi zotere. Gulu lachiwiri ndi la mfuti zodzilowetsera zokha chipolopolo: mphamvu ya kuphulika kwa choyamba ndiyo imakankhira chachiwiri m'malo mwake, koma munthu ayenera kukoka chala kamodzi pa chipolopolo chilichonse. Gulu lachitatu ndi la mfuti zosalekeza, zimene zimangolavula zipolopolo malinga chala chili pomwepo, mpaka magazini itatha.

AK-47, imene Mikhail Kalashnikov anakonza ku Soviet Union cha m'ma 1947, imatha kuwomba m'njira yachiwiri ndi yachitatu yomwe. Magazini yake yodziwika imatenga zipolopolo 30, ndipo ikamawomba mosalekeza liwiro lake ndi la zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi, kutanthauza kuti magazini yonse imatha munthu asanapume kawiri. SKS ya Simonov, mnzake wa nthawi yomweyo, imatenga 10 ndipo ili m'gulu lachiwiri lokha. M1 ya asilikali a America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nayonso ndi kabaini ya gulu lachiwiri. Makampani a mfuti anaona malonda apa, nayamba kupanga mfuti zofanana ndi za nkhondo m'zonse, kungochotsamo kuwomba kosalekeza, n'kumazigulitsa kwa anthu wamba. AR-15 ndi AK za m'masitolo a maiko ena ndi zimenezi. Zotere ndizo tikuzitcha "zonga za asilikali", ndipo ndi pa izo pamene malamulo a maiko ambiri amapunthwa.

Nanga lamulo la Zambia limaziika m'gulu liti?

Lamulo lalikulu ndi Firearms Act, chaputala 110 cha malamulo a Zambia, limene linapangidwa mu 1969. Maziko ake ndi akuti munthu wamba sangagule kapena kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi, ndipo kukhala ndi mfuti si ufulu wobadwa nawo ayi, ndi chilolezo chimene boma limapereka ndipo likhoza kuchilanda. Pamwamba pa izo lamuloli lili ndi gulu la zida zoletsedwa, ndipo choyamba m'gululi ndi mfuti yopangidwa kapena yosinthidwa kuti izingowomba mosalekeza chala chikakhala pomwepo. Choncho pa AK-47 yeniyeni ya nkhondo palibe chokambirana: buku la mfuti, ndiye kuti laisensi, la munthu wamba silingaikwanire, ndipo wopezeka nayo akuyembekezera ndende.

Povuta ndi pa gulu lachiwiri lija. Mawu onena za kuwomba mosalekeza, pa iwo okha, safika pa mfuti imene imafuna kukoka chala pa chipolopolo chilichonse. Mawu amenewa ndi ofanana ndi a lamulo lakale la ku Britain, ndipo eni ake anaona kuperewera kwake mu Ogasiti 1987, pamene munthu wina m'tauni ya Hungerford anapha anthu 16. Zina mwa mfuti zake zinali AK yopangidwa ku China yowomba chimodzichimodzi ndi kabaini ya M1, zonse zili ndi mapepala. Chaka chotsatira, mu 1988, Britain inaika mfuti zamphamvu za gulu lachiwiri pa mndandanda wa zoletsedwa. Kwathu kuno chitetezo chachikulu chili pa mfundo yakuti wopempha laisensi ayenera kuonetsa chifukwa chomveka chofunira mfutiyo, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yokana. Mphamvu imeneyi ndi yabwino, koma ine ndikuona kuti nkhani yaikulu chonchi siyenera kutsamira pa maganizo a ofesala mmodzi. Ofesala amasamutsidwa, amatopa, amakumana ndi anthu a ndalama ndi a maudindo. Mzerewo uyenera kulembedwa m'lamulo lenilenilo, kuti aliyense auwerenge yekha. Maiko a pangano la Nairobi la 2004, amene Tanzania ndi Congo ali m'gulu lawo, anagwirizana kuletsa kotheratu anthu wamba kukhala ndi mfuti za paphewa za gulu lachiwiri ndi lachitatu. Zambia ili m'pangano lina, la SADC, losainidwa ku Blantyre mu 2001, limene limafuna kuti dziko lililonse liike malire olimba pa mfuti za anthu wamba. Palibe chimene chikutiletsa kulemba momveka monga anachitira anzathu a kumpotowo.

Bwanji osangoletsa mfuti iliyonse yooneka ngati ya asilikali?

Chifukwa maso amanama, ndipo maiko amene anayesa njira imeneyi analira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa mfuti mwambiwu umagwira mbali zonse ziwiri, pakuti yooneka yofatsa ikhoza kukhala yolusa, ndipo yooneka yolusa ikhoza kukhala wamba. Akuluakulu ambiri kuno amaidziwa .303, mfuti ya Lee-Enfield imene asilikali a Northern Rhodesia Regiment ananyamula pa nkhondo. Imeneyi ndi ya usilikali ndithu pobadwa, koma ndi yokoka ndi dzanja, ndipo kwa zaka zambiri yakhala mfuti ya alenje ndi ya oteteza nyama. Kuiletsa chifukwa cha mbiri yake kungakhale kuweruza dzina. Mbali inayi, mfuti ya mtengo wopakidwa bwino, yopanda chilichonse chooneka cha nkhondo, ikhoza kudzilowetsera zipolopolo 30 chimodzimodzi AK.

Umboni womveka kwambiri ukuchokera ku New Zealand. Mu 1992 dzikolo linapanga gulu lapadera la mfuti "zonga za asilikali", ndipo linazizindikira ndi zooneka: chogwirira chonga cha pisitolo, pomangira mpeni wa kunsonga, thako lopindika, ndi magazini yaikulu. Mfuti yopanda zimenezi inkagulidwa ndi laisensi wamba. Pa 15 Malichi 2019 munthu wa laisensi wamba anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch. Mfuti anagula movomerezeka, magazini zikuluzikulu anagula padera pakuti pa izo panalibe chiletso, n'kungolumikiza. Pasanathe mwezi nyumba ya malamulo inasiya kuyang'ana maonekedwe, niletsa pafupifupi mfuti zonse zamphamvu za gulu lachiwiri pamodzi ndi magazini zazikulu. Ku America nako, lamulo la 1994 linatchula zizindikiro zooneka. Opanga mfuti anangozichotsa n'kupitiriza kugulitsa mfuti yomweyo, mpaka lamulolo linatha mu 2004. Australia, anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur mu 1996, inagawa mfuti potengera kawombedwe ndi kuchuluka kwa zipolopolo, ndipo boma linagula mfuti pafupifupi 650,000 kwa eni ake n'kuziphwanya. Mafunso oyenera kwa wolemba lamulo ndi awiri: kodi mfutiyi imadzilowetsera yokha chipolopolo champhamvu, ndipo kodi imalandira magazini yochotseka imene munthu angaisinthe ndi yaikulu? Ikayankha inde pa onse awiri, kaya ndi yakuda kaya ya mtengo, ndi mfuti ya nkhondo.

Munthu wa ku Mambwe wofuna kugula mfuti movomerezeka amadutsa njira yanji?

Njira imayambira kupolisi, osati kwa wogulitsa. Wopempha ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposa, wamutu wabwino, wosakhala chidakwa kapena wa mbiri ya ndewu, wodziwa kugwira mfuti, ndiponso wokhala ndi malo otsekeka osungiramo. Amanena mtundu wa mfuti ndi chifukwa chake. Apolisi akakhutira amapereka chikalata choyamba, ndipo laisensi yeniyeni imatuluka kudzera kukhonsolo. M'buku la mfuti mumalembedwa nambala ya mfutiyo, ndipo zimenezi zimasungidwanso ku kaundula wamkulu wa mfuti ku Lusaka. Laisensi ndi ya munthu mmodzi ndi mfuti yotchulidwayo. Siibwerekedwa, ndipo imafuna kuikonzanso nthawi yake ikatha. Kugula kumachitika kwa wogulitsa wolembetsedwa, kapena kwa munthu wina wa laisensi pokhapokha apolisi atavomereza kusinthako. Amene akunong'oneza kuti ali ndi mfuti yotchipa ndipo mapepala mudzakonza pambuyo akukugulitsani mlandu.

Buku la mfuti si chilolezo chosaka nyama. Malinga ndi Zambia Wildlife Act ya 2015, nyama zonse za kuthengo zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ndipo wofuna kupha nswala kapena njati mu Lupande, dera losakirako nyama loyandikana ndi paki ya South Luangwa, afunika laisensi ina yochokera ku dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA. Munthu wa buku la mfuti labwinobwino akapha nyama popanda laisensi yachiwiriyi amamangidwa chimodzimodzi wotchera waya.

Koma njovu zikutha chimanga ndi kupha anthu. Mlimi adziteteze ndi chiyani?

Ili ndilo funso lolemera kuposa onse, ndipo amene amaliyankha mopepuka sanagonepo pamsasa wa kumunda mwezi wa Malichi. Paki ya South Luangwa ili ndi malo okwana masikweya kilomita 9,050, ndipo malire ake a kum'mawa kwakukulu ndi mtsinje chabe, umene njovu zimawoloka monga mmene zafunira. Banja la kwa Kakumbi kapena kwa Malama likhoza kulima nyengo yonse n'kutaya zonse usiku umodzi. Zikatha za kumunda njovu zimabwera kudzaphwasula nkhokwe, ndipo m'nyengo ya mango zimalowa mpaka pakhomo. Ana amachedwa kusukulu podikira kuti zidutse, anthu amafa panjira ya kudimba, ndipo palibe dongosolo lokhazikika lakuti boma lilipire mlimi mbewu zake. Mkwiyo wa anthu pa zimenezi ndi woona ndipo ndi wolungama.

Koma tiyeni tione ngati kabaini ikuyankha vutoli. Chipolopolo cha AK chimalemera pafupifupi magalamu 8, ndipo cha AR-15 pafupifupi 4. Zinapangidwira thupi la munthu. Chipolopolo cha .375, imene alenje odziwa ntchito amaiyesa poyambira pa njati ndi njovu, chimalemera pafupifupi magalamu 19 ndipo mphamvu yake ndi yochuluka pafupifupi katatu, cha .458 chimafika magalamu 32. N'chifukwa chake msikauti woperekeza alendo oyenda pansi m'paki, ntchito imene Norman Carr anaiyambitsa m'chigwa chino, amanyamula mfuti yolemera yokoka ndi dzanja. Moyo wake ndi wa alendo ake umadalira chipolopolo chimodzi cholowa mozama, pamalo oyenera. Mlimi wowombera njovu ndi kabaini mumdima, mtima uli phaphapha, nthawi zambiri saigwetsa. Amaibaya mabala angapo, iyo n'kuthawira kuthengo, ndipo njovu yovulala ndiyo imene imadzapha mayi wopita kukatunga madzi patapita masiku atatu. Komanso zipolopolo zimene zaphonya sizigwa pomwepo. Zimauluka mtunda wopitirira kilomita, ndipo minda ya kuno ili ndi misasa ya anthu mbali zonse.

Lamulo limalola munthu kupha nyama poteteza moyo wake kapena wa mnzake ngati palibe njira ina, malinga akanene msanga kwa a zanyama, ndipo nyama ndi minyanga zimakhala za boma. Koma kuchotsa njovu imene yazolowera kuvuta ndi ntchito ya agemu, alonda a nyama a boma, ndipo pamenepa m'pamene anthu ayenera kukakamiza. Chimene mlimi wa ku Mambwe akusowa ndi chakuti akaimba foni usiku kubwere anthu a galimoto ndi mfuti yoyenera kusanache. Kuti ma Community Resources Board, makomiti a m'midzi oona zachilengedwe, alandire gawo lawo la ndalama za usaki pa nthawi yake ndi kuligwiritsa ntchito pa masikauti ndi mipanda. Kuti njira zimene zayesedwa kale mu Lupande, zowombera tsabola m'malo mwa chitsulo, mipanda ya magetsi a dzuwa, nkhokwe zomanga zimene njovu sizingaphwanye, zifike midzi yonse osati yoyandikana ndi malo ogona alendo yokha. Boma limene likukaniza mlimi mfuti lili ndi ngongole kwa iye, ndipo ngongoleyo silinaibweze mokwanira. Koma kulephera kwa boma sikusandutsa kabaini kukhala chida choyenera.

Ngati .375 ndi yamphamvu kuposa AK, bwanji yamphamvuyo ndiyo yololedwa?

Chifukwa kuopsa kwa mfuti pakati pa anthu sikuli pa kulemera kwa chipolopolo chimodzi. Mfuti ya .375 imatenga zipolopolo zitatu kapena zinayi, imamenya phewa kwambiri, ndi yaitali, yolemera, ndipo zipolopolo zake n'zodula. Munthu wokwiya akaitenga pamaliro kapena pamowa akhoza kupha, inde, koma pakati pa chipolopolo ndi chinzake pali mpata woti anthu athawe kapena amugwire. Kabaini imachotsa mpata umenewu. Ndi yopepuka moti mwana akhoza kuinyamula, imabisika m'thumba la makala, ndipo magazini ikatha ina imalowa m'kamphindi. Zonse zimene zimaipangitsa kukhala yabwino kwa msilikali ndi zomwezo zimene lamulo liyenera kuziopa m'mudzi.

Achifwamba ndi opha njovu sapempha laisensi. Kodi si anthu abwino okha amene mukuwamanga manja?

N'zoona kuti sapempha, ndipo mbiri ya chigwa chino ikuvomereza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 akatswiri ankawerengera njovu za m'chigwa cha Luangwa kufika pafupifupi 100,000, ndi zipembere zikwi zingapo. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, ntchito zinasowa, mtengo wa minyanga unakwera, ndipo nkhondo za ku Rhodesia, Angola ndi Mozambique zinadzaza dera lonse ndi mfuti za nkhondo. Gogodela wa fundi ankapha njovu imodzi, mwini wake n'kukhala nthawi akuthiranso onga. Gulu la anthu a AK linkagwetsa banja lonse la njovu pamalo amodzi. Pofika 1989, pamene maiko analetsa malonda a minyanga, njovu zambiri za m'chigwa zinali zitatha, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti chipembere chakuda chatheratu mu Zambia. Zimene zili ku North Luangwa lero zinachita kubwera pa ndege kuchokera ku South Africa kuyambira 2003. Anthu a ku Chadiza, Katete ndi Petauke amakumbukiranso mmene zigawenga za RENAMO za ku Mozambique zinkawolokera malire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Palibe imodzi ya mfuti zimenezo imene inali ndi buku.

Komabe mfundo yakuti tsono tilole anthu abwino agule zawo ili ndi mabowo atatu. Loyamba, mfuti yosaloledwa siimera m'thengo ngati bowa. Pafupifupi iliyonse inayamba ili yololedwa kwinakwake, m'nkhokwe ya asilikali, kupolisi kapena m'nyumba ya munthu, kenaka inabedwa, inagulitsidwa kapena inabwerekedwa. M'nyumba ya udzu kapena ya njerwa zosawotcha, kabaini ndiyo katundu wa mtengo kuposa zonse, ndipo mbala zikadziwa zimabwerera iyoyo. Lachiwiri likukhudza zipolopolo. Lero munthu wamba akapezeka ndi zipolopolo za AK, kapena chikhokhombe chake chikatoledwa pambali pa mtembo wa njovu, palibe chodzikhululukira, ndipo agalu onunkhiza amene a Conservation South Luangwa akhala akugwiritsa ntchito pamodzi ndi agemu kuyambira 2014 akazipeza m'galimoto, mlandu ndi woonekeratu. Mukalola kabaini m'masitolo mwatsegulanso msika wa zipolopolo zake, ndipo wopha njovu amene lero amavutika kuzipeza adzazigula kwa mnansi wake wa buku. Lachitatu, munthu wabwino lero sakhala wabwino tsiku lililonse. Wa ku Hungerford ndi wa ku Christchurch onse anali ndi mapepala. Mikangano ya malire a munda, ya ufumu, ya m'banja, ya kuganizirana ufiti, timaidziwa mmene imatenthera. Imene lero imathera pa chibakera ndi kubwalo la mfumu ingathere pa maliro angapo.

Wamalonda amene akuopadi achifwamba sanatsekeredwe njira. Akhoza kupempha mfuti ya chifefe kapena pisitolo, n'kufotokoza chifukwa chake, ndipo apolisi adzaunika. Poteteza khomo la golosale usiku, chifefe chimachita zonse zimene lamulo lingalole munthu kuchita, popanda kuboola makoma a nyumba zitatu zoyandikana.

Nanga agemu amanyamula AK, alendo olemera amabwera ndi mfuti zawo pa ndege. Kodi si tsankho limeneli?

Kukayika kumeneku kuli ndi mizu. Malamulo a atsamunda a mfuti ndi a nyama anapangidwa mokondera: mzungu anali mlenje, Mkunda wochita zomwezo anali wakuba nyama, ndipo malo amene makolo ankasakamo anatsekedwa pamene chigwa chinasandutsidwa malo osungira nyama mu 1938, kenaka paki mu 1972. Ngakhale lero, kupita ku Chipata kapena ku Lusaka kukatsata mapepala n'kosavuta kwa mwini galimoto kusiyana ndi mlimi wa thonje wa kwa Msoro. Kumeneko tsankho lilipo, ndipo mankhwala ake ndi kubweretsa ntchito yolembetsa mfuti pafupi ndi anthu, ndi mitengo yolembedwa poyera, kuti wosauka wa chifukwa chomveka asagonje pa ulendo wokha.

Koma pa kabaini lamulo lolembedwa ndilo limathetsa tsankho. Pamene zonse zatsamira pa kuona kwa ofesala, wolemera ndi wodziwika ndiye amapeza njira. Chiletso chokhudza aliyense chimamugwira iyenso. Mlendo wodzasaka mu Lupande amalowa ndi chilolezo cha kanthawi, mfuti zake zimalembedwa nambala pobwera ndi pobwerera, ndipo zimene amabweretsa ndi zija zolemera zokoka ndi dzanja. AK ya ofesala wa zanyama si yake. Ndi ya boma, amaisainira potenga ndi pobweza, amawerengetsa zipolopolo, ndipo amainyamula chifukwa amene akukumana nawo m'thengo ali ndi yomweyo. Ngati mfuti za boma nazo zimatuluka pakhomo la kuseri, ndiye kuti kuwerengako kukhwime ndipo wolakwa aweruzidwe poyera. Mfundo yanga ikugwira boma mofanana ndi mmene ikugwirira munthu wamba: mfuti ya nkhondo iliyonse m'boma la Mambwe ikhale ndi nambala yodziwika ndi munthu woyankhapo.

Pakhomo pali mfuti ya malemu, kapena ina imene inakwiriridwa kalekale. Tichite nayo chiyani?

Buku la mfuti limafa pamodzi ndi mwini wake. Chifefe kapena .303 ya malemu siigawidwa ngati njinga kapena wailesi. Achibale akanene kupolisi, mfutiyo isungidwe kumeneko, ndipo wofuna kuilowa apemphe laisensi yakeyake. Mwana amene wangoipachika kuchipinda chifukwa "inali ya atate" ali ndi mfuti yosaloledwa, ngakhale buku lakale likadali m'sutikesi. Gogodela nayenso ndi mfuti pamaso pa lamulo, kaya ndi wa makolo kaya wosula dzulo ndi paipi.

Ikakhala ya nkhondo, palibe njira yoilembetsera, ndipo chotsala n'kuipereka. Ku Mozambique, nkhondo itatha mu 1992, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu anayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo anthu anafukula zambirimbiri zimene anabisa. M'chigwa chino bungwe la COMACO, kuyambira 2003, lakhala likulandira mfuti ndi mawaya kwa alenje amene asankha kulima mpunga, nsawawa ndi kuweta njuchi, n'kumawagula zokolola zawo. Bungwe la African Union linaika mwezi wa Seputembala, kuyambira 2017, kukhala wopereka mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu, ndipo apolisi a Zambia amalengeza nthawi zotere.

Musainyamule nokha pa njinga kupita nayo ku Mfuwe kapena kuboma, pakuti wokugwirani panjira sadziwa cholinga chanu, ndipo mfuti imene yakhala zaka m'dothi ikhoza kukhala ndi chipolopolo m'kati, chitsulo chitadyeka ndi dzimbiri. Musayese kuitsegula kapena kuitsuka. Uzani a nyakwawa, mupite nawo limodzi kupolisi kapena kwa a zanyama, mufunse ngati ili nthawi ya chikhululukiro, ndipo iwo abwere adzaitenge pamalo pomwe ili, a nyakwawa ali mboni. Pemphani kapepala kosonyeza tsiku, mtundu wa mfuti ndi nambala yake ngati ikuwerengeka, ndipo kapepalako mukasunge.